Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mayunivesite ndi akonzi a magazini a kafukufuku wa ICT

Olemekezeka akuluakulu a mayunivesite athu, inu a m'seneti, inu oyang'anira kafukufuku, ndi inu akonzi a magazini,

Takulonjerani kuchokera ku Zomba kuno. Amene talemba kalatayi ndife aphunzitsi, ogwira ntchito m'malaibulale ndi osamalira makompyuta. Nkhani yathu ndi ya magazini a kafukufuku, aja timangowatchula kuti ma journal, makamaka okhudza kayendetsedwe ka ICT, luso la makompyuta ndi kutumizirana mauthenga, m'mabungwe: momwe boma, mabanki, zipatala ndi masukulu amagulira makina ndi mapulogalamu a kompyuta, momwe amawayendetsera, momwe amawatetezera, ndi chimene amawasiyira akalephereka. Pempho lathu ndi limodzi. Njira imene pepala limadutsa, kuchokera tsiku limene mlembi walitumiza kufika tsiku losindikizidwa, ilembedwe poyera, ikhale ndi masiku owerengeka, ndipo ntchito ya anthu oliunika iwerengedwe ngati ntchito yeniyeni.

Zofufuza m'dziko muno n'zosayamba. Ndalama za Cashgate mu 2013 zinatuluka kudzera mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, ndipo funso la amene anali ndi chilolezo cholowetsa ndi kufufuta malipiro m'makinawo ndi funso la kayendetsedwe ka ICT. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zake m'pulogalamu ya DHIS2. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika. Airtel Money ndi Mpamba zalowa mpaka m'misika ya kumudzi, ndipo amalonda amalipira msonkho pa Msonkho Online. Chiyambireni 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, kuwonjezera pa Mzuni, LUANAR, MUST ndi mayunivesite omwe si aboma, ofuna kusindikiza achuluka: mphunzitsi sakwezedwa popanda mapepala, ndipo ophunzira ena a digiri yachiwiri ndi yachitatu satsiriza maphunziro pepala lisanatuluke. Magazini akuluakulu a kunja, monga MIS Quarterly imene inayamba mu 1977, amakana mapepala ambiri amene amalandira, ndipo ena oti aliyense aziwerenga kwaulere amalipiritsa mlembi madola 2,000 kapena 3,000. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani angapeze ndalama zimenezo, ngakhale madolawo atapezeka kubanki? N'chifukwa chake magazini a kuno kwathu ndi ofunika. Koma magazini ikalandira pepala n'kukhala duu miyezi khumi, wophunzira amene tsiku lake lomaliza likuyandikira amatsegula imelo ija yomutamanda, yolonjeza kusindikiza m'masiku asanu akalipira madola 100, ndipo ntchito yake ya zaka ziwiri imakathera m'magazini yachinyengo imene palibe katswiri angaitchule.

Tiyambe pakhomo pomwe. Magazini ikhale ndi khomo limodzi lolandirira mapepala, ndipo khomolo lisakhale imelo ya mkonzi kapena WhatsApp yake. Pulogalamu ya Open Journal Systems, ya bungwe la Public Knowledge Project, ndi yaulere, ndipo imalemba yokha tsiku limene pepala lafika, amene walitsegula ndi amene lili m'manja mwake. Pepala lolowera pa imelo ya munthu limasowa munthuyo akapita kusukulu kunja kapena laputopu yake ikabedwa, ndipo pakabuka mkangano palibe umboni wa tsiku.

Mlembi atumize mafayilo awiri. Yoyamba ikhale ndi mutu, mayina a olemba onse, kumene amagwira ntchito, nambala ya ORCID yozindikiritsa wofufuza aliyense, imene ili ndi manambala 16 ndipo imatengedwa kwaulere, komanso mawu othokoza ndi dzina la amene anapereka ndalama za kafukufuku. Yachiwiri ikhale pepala lenilenilo lopanda dzina. Malire alembedwe momveka: chidule cha mawu 150 mpaka 250, mawu ofufuzira asanu kapena asanu ndi limodzi, pepala lonse mawu 6,000 mpaka 8,000, kalembedwe kamodzi kotchulira mabuku, monga ka APA, ndiponso manambala a mizere m'mbali mwa tsamba kuti wounika athe kuloza pamene pali vuto. Pakhalenso kalata yaifupi imene olemba onse akuvomereza kuti pepalali silili m'manja mwa magazini ina. Mapanga awiri avumbwitsa: pepala lotumizidwa malo awiri limadya nthawi ya ounika anayi, ndipo likatuluka konse kuwiri limachotsedwa.

Kubisa dzina n'kovuta kuposa momwe ambiri amaganizira. Kufufuta dzina patsamba loyamba sikokwanira, chifukwa fayilo ya Word imasunga dzina la mwini kompyuta. Mlembi apite pa File, Info, kenako Inspect Document, achotse zonse zimene zapezeka, kuphatikiza ndemanga za womuyang'anira ndi zosintha zofiira zija. Dzina la fayiloyo lisakhale dzina lake. Chiganizo chonga "monga tinaonetsera m'kafukufuku wathu wa 2021" chimamuulula pompo, chimodzimodzinso nambala ya chilolezo cha kafukufuku, imene ingaulule komiti ya yunivesite yake. Zithunzi za pulogalamu imene wapanga nthawi zambiri zimaonetsa dzina la amene walowa, pakona yakumanja. Magaziniyo ikhale ndi munthu woyang'ana zimenezi pepala lisanapite kwa ounika, chifukwa akatswiri a ICT m'Malawi ndi ochepa, amadziwana, ndipo ambiri anaphunzitsana.

Pepala likafika, mkonzi aliyang'ane pasanathe masiku 7. Funso loyamba n'lakuti kodi ndi la magaziniyi. Pepala lopeka njira yatsopano ya masamu yothamangitsira kompyuta ndi la sayansi ya kompyuta, lipite kwina. Pepala lofufuza chifukwa chimene anamwino amabwererera ku kaundula wa pepala magetsi akazima, n'kusalowetsanso zolembazo m'kompyuta magetsi akayaka, ndi lathu. Losayenera libwezedwe sabata yomweyo ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu zolembedwa. Kukana msanga ndi chifundo, chifukwa mlembi amatumiza kwina nthawi ikadalipo.

Pa nthawi yomweyi pepala lidutse m'pulogalamu yofufuza kukopera, monga iThenticate kapena Turnitin. Apa tikupempha kuti musaike lamulo la nambala yokha, loti chilichonse choposa 20 peresenti chakanidwa. Nambalayo imangoonetsa kufanana kwa mawu. Pepala lingaonetse 35 peresenti chifukwa lachokera m'thesis ya mlembi yemweyo imene ili kale m'nkhokwe ya laibulale pa intaneti, kapena chifukwa mndandanda wa mabuku sunachotsedwe powerengera. Lina lingaonetse 8 peresenti, koma 8 ameneyo ali ndime ziwiri zathunthu zobedwa kwa munthu mmodzi. Mkonzi atsegule lipotilo, aone gwero lililonse ndi maso ake. Ogwiritsa ntchito Turnitin asankhe kuti pepala lisasungidwe m'nkhokwe yake, apo ayi likakanidwa n'kupita ku magazini ina lidzapezeka likufanana ndi lokha pafupifupi lonse, mlembi n'kuoneka wakuba.

Mkonzi afufuzenso mabuku otchulidwa. Mapulogalamu monga ChatGPT amapeka mapepala amene kulibe, okhala ndi mayina enieni a akatswiri ndi mitu yomveka bwino. Njira yake ndi yapafupi: tengani khumi mwa otchulidwawo, lembani DOI ya lililonse, nambala yosasintha yopezera pepala pa intaneti, pa doi.org, muone ngati likutsegula pepala lomwelo. Bungwe la COPE, loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, linanena mu 2023 kuti pulogalamu yotere singakhale mlembi chifukwa singayankhe mlandu wa zolembedwazo. Mlembi amene waigwiritsa ntchito anene pamene waigwiritsa ntchito ndi chimene yachita.

Tsopano kusankha ounika, pamene magazini ambiri amagwera. Pepala lililonse liunikidwe ndi anthu awiri osadalirana, mmodzi wodziwa njira ya kafukufukuyo, wina wodziwa nkhaniyo, kaya ndi zaumoyo, zamabanki kapena zaboma. Mmodzi mwa awiriwo akhale wa kunja kwa yunivesite ya mlembi, ndipo ngati nkhaniyo ili ndi akatswiri atatu okha m'dziko muno, afunidwe ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena South Africa. Asaunike amene anayang'anira mlembi pa maphunziro, amene analemba naye pepala m'zaka zitatu zapitazi, wa m'dipatimenti imodzi, wachibale, kapena amene anagulitsa makina omwe pepalalo likukamba. Otchulidwa ndi mlembi mwini angaganiziridwe, koma imelo yawo mkonzi aipeze yekha pa tsamba la yunivesite yawo. Mu 2017 kampani ya Springer inachotsa mapepala 107 m'magazini ya Tumor Biology chifukwa cha kauniuni wabodza, pomwe mayina a akatswiri enieni ankaperekedwa ndi maimelo achinyengo.

Kuti mupeze awiri ovomera, konzekerani kupempha asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kalata yopempha ikhale ndi mutu, chidule ndi tsiku lobwezera. Wopemphedwa ayankhe m'masiku 7, ndipo akavomera apatsidwe masiku 28. Chikumbutso chipite kutatsala sabata imodzi, china patsikulo, ndipo pakadutsa masiku ena 14 mkonzi apemphe munthu wina, osadikiranso. Pali vuto laling'ono limene limapha magazini mwakachetechete. Open Journal Systems imatumiza zikumbutsozi yokha pokhapokha ntchito zoyenda pa nthawi zitatsegulidwa m'fayilo ya config.inc.php, ndipo maimelo ake akapanda kudutsa pa seva yovomerezeka ya imelo ya yunivesite, amagwera mu spam kapena safika n'komwe. Mkonzi amati ounika sakuyankha, wounika amati sanalandire kalikonse, pepala lili pakati miyezi isanu. Wa ICT ayese zimenezi mwezi uliwonse potumiza uthenga ku Gmail ndi ku imelo ya yunivesite ina.

Chimene wounika ayenera kuyang'ana chilembedwe pa fomu, ndipo fomuyo ikhale ya mapepala amene timalandiradi. Ochuluka ndi a mafunso, otsamira pa TAM ya 1989 kapena UTAUT ya 2003, njira zofotokozera chifukwa chimene anthu amalandirira makina atsopano, kapena muyeso wa DeLone ndi McLean woonera ngati makina akuyenda bwino. Mafunso amaikidwa pa Google Forms, n'kutumizidwa m'magulu a WhatsApp a ophunzira, kenako mutu wa pepala umati "Amalawi". Wounika afunse: anafunsidwa ndani, anasankhidwa bwanji, analandira mafunso ndi angati ndipo anayankha ndi angati? Tiyerekeze kuti analandira 400, ayankha 90. Kodi 310 otsalawo si omwe alibe bandulo, kapena amene pulogalamuyo inawakanika? Mafunso a pa intaneti okhudza kugwiritsa ntchito intaneti amafikira okhawo amene ali kale pa intaneti.

Afunsenso za chilankhulo. Mafunso a TAM analembedwa m'Chingerezi. Ngati anafunsidwa amayi ogulitsa tomato mumsika wa Zomba kapena asodzi a ku Kachulu, anamasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo anamasulira ndani? Liwu lakuti "useful" wina ati "zothandiza", wina "zofunika", wina "zaphindu", ndipo mayankho ake sangafanane. Njira yodalirika ndi yakuti mmodzi amasulire, wina amene sanaone Chingerezi choyambacho abwezere m'Chingerezi, kenako ziwirizo zifaniziridwe, n'kuyesedwa pa anthu ochepa kafukufuku asanayambe. Mafunso omasuliridwawo aikidwe kumapeto kwa pepala. Ndipo tikudziwa tonse kuti munthu wakumudzi akafunsidwa ndi mlendo wovala bwino amakonda kuvomera mwaulemu, makamaka akaganiza kuti mlendoyo wachokera ku bungwe limene linabweretsa chinthucho. Pepala linene mmene linachepetsera zimenezi.

Pa ziwerengero, Cronbach's alpha yoposa 0.7 ndi AVE yoposa 0.5, miyeso yoonera ngati mafunso ndi odalirika, ndi zoyambira chabe. Wounika aone ngati mafunso onse, a chifukwa ndi a zotsatira, anayankhidwa ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi, chifukwa zimenezo pazokha zimakweza mgwirizano wa manambala. Kafukufuku wa tsiku limodzi sangatsimikize kuti ichi chinachititsa icho, choncho mawu akuti "chimachititsa" asinthidwe kukhala "chimayendera limodzi ndi". Nambala ya p yochepera 0.05, imene ofufuza amaitenga ngati chizindikiro chakuti kusiyana kopezeka sikunangochitika mwamwayi, siinena kukula kwa kusiyanako. Ndipo munthu kunena kuti akufuna kugwiritsa ntchito pulogalamu si kuigwiritsa ntchito. Pamene kaundula wa makina alipo, woonetsa amene analowa ndi kangati, pepala ligwiritse ntchito ameneyo.

Pepala la zokambirana linene kuti anacheza ndi anthu angati, a maudindo ati, kwa mphindi zingati, m'chilankhulo chanji, ndiponso mmene mitu inatulukira m'mawu awo. Pepala lopanga pulogalamu lisathere pa zithunzi za masamba ake. Inayesedwa ndi ndani, kwa masabata angati, pa foni yanji? Imatani netiweki ikadula pakati potumiza? Magetsi akazima, zolowetsedwa zimasungika? Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pulogalamu yoyesedwa m'labu yokhala ndi jenereta yokha sinayesedwe mokwanira. Mtengo woisamalira wopereka thandizo akachoka, ndi amene adzaisamalire, zilembedwenso, chifukwa ndi pamene mapulojekiti ambiri amafera.

Pali mbali ina imene magazini ya ICT iyenera kusamala kuposa magazini ena. Kafukufuku wokhudza anthu akhale ndi chilolezo cha komiti yovomerezeka, kaya ya yunivesite monga UNIMAREC ndi COMREC, kaya makomiti a dziko lonse, NCRSH ndi NHSRC, ndipo mkonzi aone kalata yake yeniyeniyo. Koma chilolezo sichithetsa zonse. Kulemba kuti "kampani ina yaikulu ya mafoni" sikubisa kanthu m'dziko limene makampani akuluakulu a mafoni ndi awiri. "Mkulu wa ICT pa chipatala chachikulu cha m'chigawo chakummawa" ndi munthu mmodzi wodziwika, ndipo ngati wanena kuti mabwana ake anagula makina osayenera, pepalalo lingamuchotsetse ntchito. Wounika aloze malo oterewa. Pepala loonetsa chiboo cha chitetezo m'makina a banki kapena ofesi ya boma lisasindikizidwe mwini makinawo asanauzidwe ndi kupatsidwa nthawi yotseka, ndipo mlembi aonetse kalata yomulola kuyesa, popeza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'makina a ena popanda chilolezo. Lamulo la Data Protection la 2024 likukhudzanso aliyense wosunga mayina, manambala a foni kapena a ziphaso za anthu ofunsidwa, choncho fayilo ya mayankho yopita kwa ounika ikhale itachotsedwa zimenezi.

Lipoti la wounika liyambe ndi ndime imodzi yonena m'mawu ake chimene pepala likunena, kuti mlembi adziwe ngati wamveka. Kenako mavuto akuluakulu, oikidwa manambala, lililonse ndi tsamba ndi mzere wake, ndi chimene chingachitike kuti likonzeke. Zing'onozing'ono zibwere pambuyo. Lipoti la mzere umodzi, loti "pepalali ndi labwino, lisindikizidwe" kapena "palibe chatsopano", mkonzi alibweze kapena asaliwerengere. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsina khutu si kutukwana: mawu onyoza mlembi kapena Chingerezi chake mkonzi awachotse lipoti lisanatumizidwe. Wounika wouza mlembi kuti atchule mapepala asanu a munthu mmodzi popanda chifukwa akudziunjikira yekha, ndipo mkonzi auze mlembi kuti sakukakamizidwa. Pepala losasindikizidwa ndi chinsinsi. Wounika asaligawire anzake, asatengemo maganizo, ndipo asalilowetse mu ChatGPT kuti imulembere lipoti, chifukwa kutero n'kupereka ntchito ya mwini kwa kampani yakunja mwiniwake osadziwa.

Chigamulo ndi cha mkonzi. Sawerenga mavoti. Ounika akasiyana, mmodzi kuti likanidwe, wina kuti lilandiridwe, mkonzi awerenge zifukwa zawo, ndipo ngati sizikumasuka apemphe wachitatu. Kalata yake inene mfundo zimene mlembi ayenera kukonza ndi zimene angasiye. Chigamulo choyamba chifike pasanathe masiku 60 mpaka 75 chilandirireni pepala. Zokonza zazing'ono zipatsidwe masiku 14, zazikulu masabata 6 mpaka 8. Mlembi abweze pepala limodzi ndi tebulo la magawo atatu: ndemanga ya wounika, yankho lake, ndi tsamba limene wasintha. Ali ndi ufulu wokana ndemanga akapereka chifukwa. Pepala lisazungulire koposa kawiri, ndipo wounika asatulutse paulendo wachiwiri nkhani yaikulu imene akanaiona paulendo woyamba. Pakhale njira yodandaulira, ndipo dandaulo liwerengedwe ndi mkonzi wina.

Tikupemphanso, mwaulemu koma mosabisa, kuti pepala la mkulu lilowe pakhomo lomwelo. Mkonzi amene ndi mphunzitsi wamng'ono sangathe kukana pepala la amene adzasaine kukwezedwa kwake, pokhapokha seneti italemba kuti chigamulo cha mkonzi sichisinthidwa ndi ofesi iliyonse. Pepala la mkonzi mwini liyendetsedwe ndi mkonzi wina, mwiniwake osaona mayina a ounika. Dzina la mkulu wa dipatimenti lisaphatikizidwe pa pepala limene sanagwirepo ntchito. Njira ya CRediT, yolembera ntchito imene mlembi aliyense anagwira pa pepala, ili ndi maudindo 14, ndipo mlembi aliyense alembe zimene anachita. Izi zili ndi mtengo wake: DOAJ, nkhokwe ya magazini owerengedwa kwaulere imene inayamba mu 2003 ku Lund, siilandira magazini imene mapepala oposa 25 peresenti m'makope ake awiri omaliza analembedwa ndi akonzi ake, a m'bodi kapena ounika ake. Imafunanso mapepala a kafukufuku osachepera asanu pachaka, ndipo magazini yatsopano ikhale itasindikiza koposa chaka kapena itatulutsa mapepala khumi.

Pepala likavomerezedwa, likonzedwe chilankhulo, mlembi aone kope lomaliza m'masiku asanu, ndipo patsamba loyamba palembedwe masiku atatu: lolandira, lokonza ndi lovomereza. Magazini ikhale ndi ISSN, nambala yozindikiritsa magazini padziko lonse, pepala lililonse likhale ndi DOI. Kuyambira mu 2023 Crossref, bungwe lolembetsa ma DOI, inachotsa ndalama za umembala ndi zolembetsera DOI kwa mabungwe a m'maiko osauka, Malawi ali m'gulumo, choncho chotsala ndi munthu wodzaza mafomu. AJOL (African Journals Online), imene yakhala ikuonetsa pa intaneti magazini a mu Africa kuyambira 1998, ili kale ndi magazini a kuno monga Malawi Medical Journal, ndipo ili ndi muyeso wake woonera ubwino wa kayendetsedwe ka magazini umene akonzi angadziyese nawo okha.

Kusunga ndi pamene timachita mphwayi, chonsecho ndife a ICT. Magazini isakhale pa kompyuta ya pansi pa desiki ya mphunzitsi mmodzi. Ikhale pa seva ya yunivesite kapena ya bungwe lodalirika, kope lake lizitengedwa usiku uliwonse n'kusungidwa malo ena, ndipo kamodzi pa miyezi itatu wina ayese kubwezeretsa kopelo kuti aone ngati likugwiradi ntchito. Pasiwedi yaikulu isakhale ndi munthu mmodzi. Dzina la tsamba la magazini lilembetsedwe m'dzina la yunivesite ndipo lilipiridwe tsiku lisanakwane, chifukwa likatha akuba amaligula n'kuyamba kulandira ndalama za olemba m'dzina la magaziniyo. PKP Preservation Network imasunga kwaulere magazini a pa Open Journal Systems okhala ndi ISSN, bola wina atsegule. Makope osindikizidwa papepala apite ku National Archives, imene ili konkuno ku Zomba.

Zonsezi zimachitidwa ndi anthu, ndipo apa ndi pamene mphamvu ili m'manja mwanu. Kuunika pepala limodzi bwinobwino kumadya maola asanu mpaka asanu ndi atatu, ndipo pepala la ziwerengero zambiri limaposa. Mphunzitsi wa kalasi ya ophunzira mazana, wokhala ndi mayeso oti achonge, amachita ntchitoyi usiku ndi bandulo yake, ndipo pa fomu yokwezera udindo nthawi zambiri palibe pomwe angailembe. Ikani mzere umenewo pa fomuyo. Mkonzi azipereka kalata yotsimikiza chiwerengero cha mapepala amene munthu waunika pachaka, osatchula mitu yake, ndipo malipoti ochedwa kapena a mzere umodzi asawerengedwe. Mkonzi wamkulu achotseredwe kosi imodzi pa temu. Magazini ikhale ndi munthu wolipidwa, ngakhale wa masiku awiri pasabata, wotsata mapepala, zikumbutso ndi ma DOI, ndipo m'bajeti mukhale mzere wa seva, pulogalamu yofufuza kukopera ndi wokonza chilankhulo. Ophunzira a PhD aphunzitsidwe kuunika poyenda limodzi ndi wounika wamkulu, mkonzi atavomereza ndipo dzina la wophunzirayo litalembedwa.

Makomiti okweza maudindo akhale ndi mndandanda wa magazini ovomerezeka, wodziwika chaka chisanayambe. Ku South Africa dipatimenti ya boma yoona za maphunziro apamwamba imatulutsa mndandanda wotere chaka ndi chaka. Kuno khonsolo ya maphunziro apamwamba ya NCHE, bungwe la sayansi ndi luso la NCST ndi mgwirizano wa malaibulale wa MALICO angagwirizane pa umodzi, kuti mphunzitsi asadzauzidwe pa tsiku la intavyu kuti mapepala ake atatu sakuwerengedwa, komanso kuti wosindikiza m'magazini achinyengo asapose mnzake amene anadikira kauniuni weniweni. Magazini a kuno amene akwaniritsa muyeso alowe pamndandandawo ndi mphamvu yofanana, apo ayi olemba abwino sadzatumizako kanthu.

Magazini iliyonse yolandira thandizo la yunivesite izilengeza pa tsamba lake, January aliyense, manambala anayi: mapepala olandiridwa, okanidwa, masiku apakatikati ofikira chigamulo choyamba, ndi masiku ofikira kusindikiza. Open Journal Systems imawerengera yokha. Ndipo pepala lililonse lovomerezedwa likhale ndi chidule chachiwiri cha mawu 150 m'Chichewa kapena chilankhulo china cha kuno, chonena chimene chapezeka ndi chimene bungwe lingachite nacho, kuti kalaliki wa ziwerengero pa chipatala cha ku Domasi, khansala wa ku Chingale ndi amayi aja anayankha mafunso mumsika athe kuwerenga zimene zinatuluka m'mayankho awo.

Ndife anu,
Aphunzitsi, ogwira ntchito m'malaibulale ndi osamalira makompyuta,
Zomba